Envulopu ndi Kalata: Mmene Postfix Imasinthira Adiresi

Kompyuta ya Linux imene imagwira ntchito usiku, kusunga mafayilo kapena kuona ngati disiki yadzaza, imalembera mwini wake imelo ikamaliza. Imeloyo imatuluka ndi dzina limene makinawo amadzidziwa nalo, monga root@web01.localdomain. Mu ofesi momwemo dzinali ndi lomveka, koma pa intaneti silitanthauza kanthu. Palibe angaliyankhe, ndipo maseva ambiri amalibweza lisanalowe n'komwe. Pamafunika munthu woti aphunzitse seva yake kusintha dzinalo kuti likhale adiresi yeniyeni, monga alonda@example.com. Ntchitoyi imaoneka yaing'ono, mizere iwiri itatu m'fayilo, koma ndi imodzi mwa ntchito zimene zimaonetsa ngati wopanga pulogalamu anaganiza mozama. Ine ndimagoma ndi mmene a Wietse Venema anaikonzera mu Postfix, pulogalamu yawo ya seva ya imelo.

Vutoli ndi lakale. Pamene a Eric Allman ankalemba ku Berkeley pulogalamu yotumiza imelo ya sendmail, imene inatuluka ndi BSD mu 1983, dziko la makompyuta linalibe kalembedwe kamodzi ka adiresi. A pa UUCP ankalemba njira yonse yodzera, makina!makina!munthu. A pa ARPANET ankalemba munthu@makina. Ena ankaphatikiza, munthu%makina@mlatho, kuti kalata iwoloke kuchoka pa netiweki ina kupita pa ina. A Allman anayankha popanga kachilankhulo kathunthu m'fayilo ya sendmail.cf: mzere uliwonse woyamba ndi R ndi lamulo, kumanzere chimene chikufunidwa, kumanja chimene chisanduke, mkati mwake muli zizindikiro monga $* ndi $+ ndi $:. Adiresi inkayamba kudutsa m'gulu la malamulo la nambala 3, kenako 0 posankha njira yotumizira, 1 kwa wotumiza, 2 kwa wolandira, 4 potuluka. Chinali chida champhamvu ndipo chinanyamula imelo zambiri za dziko lonse kwa zaka zambiri. Koma ochepa okha ndi amene ankatha kuwerenga fayiloyo n'kunena motsimikiza chimene chichitikire adiresi inayake.

A Venema, a ku Netherlands, amene anaphunzira fizikisi asanatchuke pa chitetezo cha makompyuta, analemba Postfix ali ku T. J. Watson Research Center ya IBM, ndipo inatulutsidwa mu Disembala 1998. Iwo sanapange chilankhulo china. Anaigawa ntchitoyo kwa mapulogalamu ang'onoang'ono, iliyonse ndi gawo lake, ndipo kwa woyang'anira seva anapereka matebulo a mizati iwiri: adiresi yakale kumanzere, yatsopano kumanja. Munthu amene sanaionepo Postfix akhoza kutsegula fayilo ya canonical n'kumva zimene zalembedwamo. Mphamvu zina za sendmail zinatayika, n'zoona, koma chimene chinapezeka ndi chachikulu kuposa: ukhoza kudziwiratu zotsatira usanatumize kalikonse.

Chinthu choyamba chimene mmisiri wa ntchitoyi amasunga m'mutu n'chakuti imelo iliyonse ili ndi maadiresi a mitundu iwiri. Malamulo a 1982 anawalekanitsa kale: RFC 821 ya a Jon Postel inafotokoza kukambirana kwa maseva, RFC 822 ya a David Crocker inafotokoza kalembedwe ka uthenga. Pokambirana, seva imanena MAIL FROM ndi RCPT TO. Imeneyi ndi envulopu, ndipo ndi imene imalamula kumene imelo ipite ndi kumene ibwerere ikalephera kufika. Mkati muli mizere ya From: ndi To: imene wowerenga amaona pa foni yake, imeneyo ndi mbali ya kalata. Wa ku positi amawerenga envulopu, satsegula kalata. Zolakwika zambiri zimabadwira pomwepa: munthu amasintha From: n'kudabwa kuti zobwerera zikupitabe kwa root, kapena amasintha envulopu n'kudabwa kuti wolandira akuonabe dzina lakale. Postfix inapatsa chida chilichonse malire ake pa nkhaniyi. Tebulo la canonical limakhudza zonse ziwiri, envulopu ndi kalata, chifukwa cholinga chake n'kusintha mmene munthu amadziwikira. Tebulo la virtual limakhudza wolandira wa pa envulopu yekha, chifukwa cholinga chake n'kulozera imelo kwina; imene inalembedwa kwa malonda@example.com ikafika kwa anthu atatu a mu ofesi, mzere wa To: umakhalabe monga wolembayo anaulembera.

Chachiwiri ndi ndondomeko. Imelo ikalowa, pulogalamu ya trivial-rewrite imayamba kukwaniritsa adiresi yosakwanira: root wopanda domeni amapatsidwa imene yalembedwa mu myorigin, ndipo ngakhale makina!munthu wa masiku a UUCP amatembenuzidwa kukhala munthu@makina. Kenako pulogalamu ya cleanup imadutsitsa adiresiyo mu canonical, kenako mu masquerade, kenako mu virtual, ndipo pokhapo imelo imalowa pamzere wodikira kutumizidwa. Ndondomekoyi sisintha. Ukadziwa kuti virtual imaona adiresi imene canonical yasintha kale, theka la zozizwitsa limatha. Ngakhale kufunafuna m'tebulo kuli ndi dongosolo lake: iyamba adiresi yathunthu, kenako dzina lokha, pomalizira pake @domeni, kuti lamulo la munthu mmodzi lipambane lamulo la onse.

Pa masquerade pali kanthu kakang'ono kamene ndimakakonda kwambiri. Chidachi chimabisa mayina a makina a mkati, kuti munthu@web01.example.com aoneke ngati munthu@example.com. Usanasinthe kalikonse, Postfix imachita zimenezi pa wotumiza wa pa envulopu ndi pa mizere ya m'kalata, koma wolandira wa pa envulopu imamusiya. Chifukwa chake n'chomveka ukangochiganizira: ukachotsa web01 pa envulopu, sungathenso kufikitsa imelo kwa munthu wa pa makina amenewo. Palinso masquerade_exceptions, kumene oyang'anira ambiri amalembako root, kuti makina makumi awiri akadandaula usiku umodzi udziwe amene walankhula. Zimenezi sizibwera mwangozi. Zimachokera kwa munthu amene anaganizira woyang'anira seva amene adzawerenge imelozo m'mawa.

Koma pamene ndimaona luso lenileni ndi pa zimene zinasintha mu Postfix 2.2, ya 2005. Kale, imelo iliyonse yolowa yokhala ndi From: yosakwanira inkapatsidwa domeni ya seva yolandirayo. Cholinga chinali chabwino, koma zotsatira zake zinali zoipa: wotumiza zinyalala ali kutali akalemba dzina lopanda domeni, seva yako yomwe inkalimaliza ndi dzina la kampani yako, ndipo wantchito ankawerenga uthengawo ngati wochokera kwa mnzake wa chipinda chinacho. Yankho silinali kuwonjezera nzeru zina pamwamba. Linali kuchepetsa. Kuyambira pamenepo Postfix imakhudza mizere ya m'kalata pokhapokha ngati imeloyo yachokera kwa ake, amene alembedwa mu local_header_rewrite_clients. Ya mlendo imadutsa monga yabwerera. Amene akufunabe kuti adiresi yosakwanira ya mlendo imalizidwe amapatsidwa remote_header_rewrite_domain, ndipo malangizo a Postfix amapereka chitsanzo cha domain.invalid, dzina limene malamulo a intaneti anapatula kuti lisadzakhale la munthu aliyense. Choncho seva siinamizira mlendo kukhala wa m'nyumba, ndiponso siimupatsa dzina la munthu wina wosalakwa. Patapita zaka pang'ono DKIM inafala, imene imasaina mzere wa From: ndi mizere ina, moti kukhudza chilembo chimodzi panjira kumaononga siginecha. Kudziletsa kumene kunayamba pofuna kuteteza wowerenga kunadzatetezanso masiginecha amenewo.

Mu 2.2 momwemo munabweranso smtp_generic_maps, imene ndi yankho lenileni la root@web01.localdomain. Kusiyana kwake ndi canonical kuli pa nthawi. Canonical imagwira imelo ikamalowa, choncho imasintha ngakhale za mkati. Generic imagwira imelo ikamatuluka kupita ku seva ina, basi. Mkati mayina amakhala monga alili, kunja amavala adiresi yovomerezeka. Ndiponso generic imasintha kamodzi kokha, siibwereranso m'tebulo ndi zotsatira zake monga zimachitira canonical ndi virtual, zimene zimapitiriza kufunafuna mpaka zitasowa chosintha. N'chifukwa chake virtual ili ndi malire a maulendo 1000, kuopa maadiresi awiri olozerana okha.

Pali msampha umodzi umene chida chabwino sichingakuchotsere. Kulemba @kale.example kumanzere ndi @tsopano.example kumanja kumaoneka kwaukhondo pamene kampani yasintha dzina. Koma seva imayamba kuvomera dzina lililonse pa domeni yakaleyo, ngakhale la munthu amene kulibe, kenako imalephera kufikitsa n'kubweza uthenga kwa wotumiza wa pa envulopu, amene nthawi zambiri ndi munthu amene akuba anangobwereka dzina lake. Mmisiri wosamala amalemba maadiresi amodzi amodzi, ngakhale atakhala mazana. Kwa amene anachoka ntchito pali tebulo la relocated, limene silitumiza imelo kwina koma limauza wolembayo adiresi yatsopano kuti alembe yekha.

Kutumiza imelo ya wina kupita ku seva yachitatu kunavuta pamene SPF inafala, chifukwa seva yomalizayo imafunsa ngati wobweretsayo ali ndi chilolezo cha domeni ya pa envulopu. Njira ya SRS imathetsa zimenezi posintha wotumiza wa pa envulopu yekha: adiresi yoyambayo imakulungidwa mkati mwa yatsopano yoyamba ndi SRS0, pamodzi ndi chizindikiro cha tsiku ndi zilembo zachinsinsi zoletsa kupeka, kuti imelo ikabwerera seva ithe kumasula n'kupereka kwa mwini wake. Ngakhale zimenezi sizinafune kuti Postfix imangidwenso. Pulogalamu ya PostSRSd imaima pambali n'kuyankha mafunso ngati tebulo wamba, yolumikizidwa pa sender_canonical_maps ndi recipient_canonical_maps.

Woyang'anira waluso akamaliza kulemba satumiza imelo yeniyeni poyesa. Amayamba ndi postmap kuti fayilo yake isanduke tebulo limene seva imawerenga, sitepe imene ambiri amaiwala. Kenako amafunsa tebulolo ndi postmap -q kuti aone yankho la adiresi imodzi. Pomaliza amalemba lamulo la Postfix la sendmail -bv ndi adiresiyo, ndipo Postfix imayenda nayo njira yonse, mpaka kukagogoda pa seva ya wolandira, osapereka uthenga uliwonse, n'kumutumizira lipoti lonena adiresi yomaliza ndi zimene seva inayo yayankha.