Wansembe wa ku Ambricourt ndi Chaulere Chobisika m'Parishi Yake

Buku la Georges Bernanos lotchedwa Journal d'un curé de campagne linatuluka ku France m'chaka cha 1936, ndipo chaka chomwecho linalandira mphoto yaikulu ya Académie française. Mu 1951 Robert Bresson analisandutsa filimu. Bernanos sanali wansembe, anali mkhristu wapabanja, bambo wa ana 6; komabe ndi mabuku owerengeka amene anafika pa mtima wa unsembe monga limeneli. Tifuna kulifunsa funso limodzi: kodi munthu wochitira Khristu umboni amaona ntchito imene Mulungu akugwira pomwe iye ali?

Nkhani yake njosavuta kuitsata. Wansembe wachinyamata, amene dzina lake sitiuzidwa, watumidwa ku Ambricourt, mudzi wa kumpoto kwa France, ndipo alemba m'kope zimene zimchitikira tsiku ndi tsiku. Pafupifupi zonse zimene ayesa zikanika. Bungwe la masewero limene afuna kuyambitsira anyamata silipita patali. Séraphita, mtsikana wa m'kalasi la katekisimu, amseka. Alandira kalata yopanda dzina yomuuza kuti achoke. Popeza m'mimba mwake simulola chakudya china, adya buledi woviika m'vinyo, ndipo anthu amuyesa chidakwa. Ngakhale pemphero limuumira. Iye mwini aweruza kuti parishi yake yadyedwa ndi kunyong'onyeka, ndi kuti iye alibe chimene waipindulira.

Luso la Bernanos lagona apa: wansembeyo ndiye atifotokozera zonse, koma ife owerenga tiona zimene iye saona. Taonani za mkazi wa bwana wamkulu wa m'mudzimo. Mai ameneyu anataya mwana wamwamuna ali wamng'ono, ndipo kuyambira pamenepo anasungira Mulungu mkwiyo, ngakhale ku Misa sanaleke kupita. Wansembe afika kwa iye ndi mantha, pofuna kukamba za mwana wake wamkazi, Chantal; koma nkhani ifika pa chilonda chenichenicho. Maiyo aponya pamoto kachikumbutso kamene munali tsitsi la mwana womwalirayo, wansembe apisa dzanja m'moto kuti akatulutse, ndipo mtima umene unauma zaka zambiri ugonja. Usiku womwewo maiyo amwalira, atalemba kalata yonena kuti wapeza mtendere. Anthu anena kuti wansembe ndiye anamzunza mpaka kufa, koma iye saonetsa kalata imene ikadamuyeretsa. Chimene chimdabwitsa nchakuti wapatsa wina mtendere umene iye mwini analibe.

Phunziro lake nlowawa kwa ife amene tinazolowera kuyeza ntchito yathu ndi kaundula: obatizidwa angati, olimbitsidwa angati, maukwati angati. Kaundula ngwofunika, koma zimene zinachitika m'chipinda cha mai uja sizikadalembedwa m'buku lililonse la parishi. Papa Paulo VI, m'kalata yake Evangelii Nuntiandi ya 1975, anaika umboni wa moyo patsogolo pa njira zonse zolalikira Mthenga Wabwino. Bernanos aonjeza chinthu chimene timachiiwala: mboni yeniyeni kawirikawiri siidziwa mphamvu ya umboni wake, ndipo tsiku limene iyamba kuuwerengera, umboniwo wayamba kale kufooka.

Palinso china. Chaulere cha Mulungu sichingotuluka mwa wansembeyu kupita kwa anthu. Chimfikiranso iye kudzera mwa iwo amene anawayesa otayika. Atakomoka usiku m'matope a m'njira, amene ampeza ndi kumpukuta nkhope ndi Séraphita yemwe uja. Dokotala wa ku Lille atamuuza kuti ali ndi khansa ya m'mimba, akafera m'kachipinda ka Dufréty, mnzake wa ku seminale amene anasiya unsembe. Kumeneko akumana ndi mkazi amene Dufréty akhala naye, mai wosauka wokolopa m'nyumba za anthu, amene akana ukwati kuti asatsekere mwamunayo njira yobwerera ku unsembe. Ndipo chikhululukiro chotsiriza achilandira m'manja mwa Dufréty yemweyo. Motero buku lenilenilo litsutsa chiweruzo cha wansembe wake: kumene iye anaona chipululu, Mulungu anali atafikako kale.

Koma sitingaliyamikire bukuli kotheratu. Mpingo wa ku Ambricourt uoneka ngati wansembe mmodzi pakati pa anthu ouma mitima. Sitiona akhristu akupemphera limodzi, akuyendera odwala, kapena akusenza naye katundu wa parishi. Bernanos analemba Msonkhano wa Vatican II usanachitike. Msonkhanowo, wa 1962 mpaka 1965, unatikumbutsa kuti Mpingo ndi anthu onse a Mulungu. Ife amene tinakulira m'miphakati, imene maepiskopi a AMECEA anailimbikitsa kuyambira 1973, tidziwa kuti mutu umodzi susenza denga, ndi kuti nthawi zambiri amene ayamba kuzindikira dzanja la Mulungu pa maliro kapena pa matenda ndi mphunzitsi wa katekisimu kapena amai a m'mudzi, wansembe asanafike.

Tichenjezenso abale athu a m'seminale. Nkosavuta kukopeka ndi nkhope yotumbuluka ya wansembeyu, nkuyamba kuyesa kusadya ndi kukhala wekha ngati chizindikiro cha kuyera. Bernanos mwini anaika mankhwala ake m'buku lomwelo: bambo mfumu wa ku Torcy, munthu wamphamvu ndi wolankhula mosapsatira, amene adzudzula mnyamatayo chifukwa cha kadyedwe kake ndi kumuumiriza kupemphera ngakhale mtima utauma. Owerenga amene alumpha masamba a bambo mfumu ameneyu sanalimvetse bukuli.

Tingalangize kuti aliyense aliwerenge asanadzozedwe, ndi kulibwerezanso atatha zaka zingapo m'parishi. Ulendo woyamba adzamvera chisoni wansembe wa ku Ambricourt. Ulendo wachiwiri adzayamba kudzifunsa za anthu a m'parishi yake amene anawafafaniza m'mtima, ndi za zimene Mulungu wakhala akuchita mwa iwo iye osaona.