Phazi Lotsala ndi Mlomo Woyenda: Kusanthula Mwambi wa Apaulendo

"Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata." Mwambi uwu uli ndi mawu 6 okha, ndipo ndi chuma cha onse oyankhula Chichewa, kaya ali tsidya la Mwanza ku Malawi kaya ali ku Zóbuè m'boma la Moatize. Kawirikawiri akuluakulu amaupereka kwa mwana amene akupita kwa eni, pomuchenjeza kuti asakatukwane kapena kuchita miseche. Kumasulira kumeneko nkoona, koma nkopanikiza mwambiwu pamalo aang'ono. Mwambi sunati mlomo woipa, wangoti mlomo. Choncho ukukhudza aliyense amene amadyera pakamwa pake: wamalonda, wofunsira mbeta, wandale, ngakhale nthumwi ya kampani imene yadza kudzapempha minda ya anthu. Mawu otsekemera nawonso amatsala pamene adayankhulidwa.

Tiyambe ndi kamangidwe kake. Pali zigawo ziwiri, ndipo chilichonse chikutsegula ndi "uka-". Chibwereza chimenechi chikuchititsa khutu kuyembekezera kuti zigawozo zilingana, koma wopeka mwambiyu adakana kuzilinganiza. Chigawo choyamba chili ndi maphatikizo 8, ogawika 4, 2, 2, ndipo kamvekedwe kake nka munthu woyenda mosacheuka: ukayenda, siya, phazi, basi wafika. Chigawo chachiwiri chili ndi maphatikizo 11, ogawika 4, 3, 4. Pakatikati pake pali liwu loti "mlomo", limene munthu sangalitchule asanayambe watseka milomo yake. Liwiro lija likuduka pomwepo, ndipo woyankhula akukakamizika kuchita kwa kamphindi chimene mwambiwo ukumulangiza. Kenaka chigawochi chikupitirira malire amene chinzake chidaika, kotero kuti zotsatira za kuyankhula zikutenga nthawi yaitali m'khutu kuposa ulendo weniweniwo.

Mneni woti "siya" akubwera kawiri, koma ntchito yake ikusintha. Poyamba akulamula: siya phazi. Lamuloli nlopepuka kwambiri, pakuti palibe munthu angadutse pabwalo la mwini osasiyapo chidindo cha phazi lake. Tikafika pa nkhani yovuta ija ya mlomo, lamulo likutha. Tikadayembekezera kumva kuti "usasiye mlomo", koma chiletso chotere mulibe. Mwambi wangoyala chimene chidzachitike, nkumusiya womvera asankhe yekha. Sunaopseze ndi mfumu, ndi mizimu kapena ndi bwalo la milandu. Apa mpamene luso lake likuonekera poyera: mwambi wonena za kukopa anthu ukukopa womvera wake m'njira yomweyo imene ukuvomereza, pomuuza zoona zonse ndi kumusiyira ufulu wake. Onaninso kuti "-ka-" wa m'chigawo chachiwiri ndi yemweyo wa m'chigawo choyamba. Monga kulili kwachidziwikire kuti munthu adzayenda, mwambi ukudziwanso kuti tsiku lina adzasiya mlomo. Sukumuona womvera wake ngati mngelo.

Zifanifani zake ndi ziwalo ziwiri za thupi, chilichonse chikuimira chimene chimatulutsa: phazi likuimira chidindo cha m'dothi, mlomo ukuimira mawu. Kenaka ntchito zawo zatembenuzidwa. Phazi, limene ntchito yake nkuyenda, ndilo likutsala duu pamalo amodzi mpaka mvula idzalifafanize. Mlomo, umene ulibe miyendo, ndiwo ukunyamuka kulondola mwini wake. Wopeka akadatha kunena kuti "ukasiya mawu", ndipo tanthauzo likadamvekabe, koma mphamvu ikadachepa. Mawu munthu amawakana: sindinatero ine, mudandimva molakwa, adandinamizira. Mlomo sukanika, chifukwa uli ndi mwini mmodzi ndipo aliyense amaudziwa nkhope imene udachokerapo. Posankha chiwalo m'malo mwa mawu, mwambi watsekeratu khomo limene wolonjeza zabodza amathawirapo.

Chokoma koposa chabisala m'kaphatikizo kamodzi, "u-". Mu "ukayenda" ndi mu "ukasiya", kaphatikizoka kakuimira iwe, mwininkhani, amene ukuyenda ndi kusiya zinthu mwa kufuna kwako. Mu "ukutsata" kamvekedwe ndi komweko, koma mwini wasintha: tsopano "u-" ndi mgwirizanitsi wa mlomo, ndipo iwe wakankhidwira m'kati, mu "-ku-", monga wochitiridwa. Mwambi sunalengeze kusinthaku. Womvera amafika kumapeto akuganizabe kuti ndiye akutsogolera chiganizo, nkudzidzimuka kuti walandidwa mpando ndi mlomo wake womwe. Mawu akatuluka amakhalanso motero: asanatuluke ndiwe mwini wake, akatuluka ndiwo akukuyendetsa.

Nchifukwa chiyani mwambiwu ukuyankhula ndi wapaulendo osati ndi mwini mudzi? Yankho limaoneka bwino pa Zóbuè. Pachipata chimenechi pamadutsa magalimoto akuluakulu ochokera ku Beira, ku Harare ndi ku Johannesburg kupita ku Blantyre, ndipo m'mbali mwa msewu muli osintha ndalama za metical ndi kwacha, ogulitsa mbatatesi, kabichi ndi tomato, onyamula katundu ndi akabaza. Ambiri amene amakumana apa amaganiza kuti sadzaonananso, ndipo mayesero a lilime amakula pomwepo. Wosintha ndalama amene amawerengera mlendo mothamanga, uku akumutchula "bwana wanga" kuti maso ake asakhale pa zala, akudalira kuti mlendoyo akawoloka nkhani yatha. Mayi wogulitsa mbatatesi amene amanena poyera kuti thumba ili nla dzana, ili nla lero, nkuikapo basela pamwamba, nayenso akukopa, ndipo amadziwa kunyengerera kuposa woyamba uja. Kusiyana kwawo kuli pa funso limodzi: kodi mawu amenewa angapirire wogulayo atabweranso? Madalaivala amabwerera msewu womwewo, amauzana kumene adaberedwa, ndipo mlomo umawoloka chipata popanda chiphaso.

Pali mwambi wina waufupi umene umaonetsa mbali yowala ya nkhaniyi: "Kalulu adatuma njovu." Amaunena wamng'ono akafuna kupempha wamkulu kuti amuchitire kanthu. Mawu atatu okha, kanyama patsogolo, chinyama kumapeto, ndi mneni wa m'nthawi yakale pakati, ngati kuti nkhaniyi idaweruzidwa kale ndi makolo. Wopemphayo akuvomera kuchepa kwake, akuulula kuti akupempha, ndipo akumupatsa wamkuluyo mpata woseka kapena wokana. Palibe chobisika. Mlomo wotere ungakutsate, sudzakuchititsa manyazi.

Ku Moatize mwambi wa phazi udayesedwa pa muyeso waukulu. Kampani ya ku Brazil ya Vale, pofuna kutsegula mgodi wa malasha, idasamutsa mabanja 1,365 pakati pa 2009 ndi 2011. Ena adapita ku 25 de Setembro m'tauni ya Moatize, ena ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchoka m'tauniyo. Munthu sachoka pamunda wa makolo ake ndi pamanda a abale ake chifukwa cha pepala lokha. Amachoka chifukwa wina adakhala naye pansi nkumulonjeza. A ku Cateme adalonjezedwa nyumba zabwino ndi mahekitala 2 a munda pa banja lililonse. Adalandira hekitala imodzi, ena pa nthaka yamiyala, ndipo nyumba zambiri zidachita ming'alu. Pa 10 Januwale 2012 anthu pafupifupi 500 adatseka njanji imene sitima zonyamula malasha zimadutsa popita ku doko la Beira, mpaka apolisi adawabalalitsa. Taonani malo amene adasankha.  Adakaima panjira, pamene kampaniyo imayenda. Mneni wa m'mwambi uja adachitika monga momwe alili: mlomo wosiyidwa m'midzi imene anthuwo adasamutsidwamo, monga Chipanga, udatsata mwini wake nkumupeza ali paulendo. Chaka chomwecho kampaniyo idavomera kukonza nyumbazo, ndipo mu Ogasiti 2012 boma la Mozambique lidakhazikitsa malamulo a kasamutsidwe ka anthu pa ntchito zikuluzikulu zachuma.

Sitikunena kuti aliyense amene adayankhula pa misonkhano yokambirana za kusamukako adali wabodza. Mwambi wathu sufufuza mtima wa woyankhula, ndipo apa ndiwolimba kuposa ambiri a ife. Mulibe liwu lonena za cholinga, chabwino kapena choipa. Muli kusiya ndi kutsata basi. Wolonjeza ndi mtima woyera chimene alibe mphamvu yochipereka wasiya mlomo chimodzimodzi ndi kathyali, pakuti amene adasamuka chifukwa cha mawuwo njala yake ndi imodzimodzi.

Ena amamaliza mwambiwu ndi "ukupeza" m'malo mwa "ukutsata". Maphatikizo ndi 4 ponseponse, kotero kamvekedwe sikasintha, koma tanthauzo likusiyana. Kupeza kuli ndi tsiku lake: mlomo wafika, mlandu wakambidwa, nkhani yatha. Kutsata kulibe polekezera. Kumangokhala kumbuyo kwako mtunda uliwonse umene ungayende, ngakhale utagulitsa katundu nkusamuka, monga Vale idagulitsira mgodi wa Moatize kwa kampani ya Vulcan mu 2022. Pa zifukwa zimenezi "ukutsata" ndiye mathero oyenera mwambiwu, ndipo mbiri ya Cateme ikugwirizana nawo: pamene bungwe la Human Rights Watch limatulutsa lipoti lake mu Meyi 2013, patatha chaka ndi miyezi chitsekereni njanji ija, mabanja a ku Cateme adali akudikirabe hekitala yachiwiri.