Kupeta mizere munthu asanaione

Mwezi ukatha, namwino wa pachipatala chaching'ono m'boma la Lundazi amawerengera m'kaundula: angati anayezedwa malungo, angati anapezeka nawo. Manambalawo amakathera mu DHIS2, pulogalamu imene Unduna wa Zaumoyo wa Zambia, monganso wa Malawi, umasungiramo ziwerengero zotere. Amaiyang'anira ndi a yunivesite ya Oslo ku Norway; pulogalamuyi inayamba kugwira ntchito mu 2006 ku Kerala m'dziko la India, ndipo mizere ya malamulo ake ili poyera pa tsamba la intaneti la GitHub. Ine chimandikopa ndi kanjira kamene mzere watsopano umadutsa usanaloledwe kulowa.

Wolemba pulogalamu sakhudza thunthu la pulogalamuyo. Amaphukitsa nthambi yakeyake, nkusintha zinthu pamenepo, kenako nkutumiza pempho loti zosinthazo zilumikizidwe kuthunthu. Eni ntchito amalitcha pull request. Mnzake asanaliwerenge, makina ayamba kale. GitHub Actions, chida chimene chinatsegulidwa kwa onse mu 2019, chimadzutsa kompyuta yopanda kanthu, chimamangamo pulogalamu yonse kuyambira pansi, nkuyamba kuifunsa mafunso. Kuyambira pa kompyuta yoyera nkofunika ndithu, chifukwa kumatseka pakamwa aliyense wofuna kunena kuti "koma pa yanga zikuyenda."

Funso lililonse ndi kapulogalamu kakang'ono kodziwa kale yankho. Anthu 40 ayezedwa, 10 apezeka ndi malungo: pazituluka 25 pa 100 alionse. Limeneli ngakhale mwana wa sukulu angalilembe. Luso lili m'mphepete, kumene zinthu zimapunthwa. Nanga mwezi umene sanayezedwe ndi mmodzi yemwe? Kugawa ndi ziro sikutheka, ndiye pulogalamu isagwe, isanamenso kuti malungo atha. Nanga 29 February 2024? Nanga chaka cha 2020, chimene pa kalendala ya masabata chinali ndi sabata la 53? Wolemba mafunso wabwino amakhala ngati mayi wodziwa kupeta: sayang'ana pakati pa lichero, maso ake ali kumlomo kumene timiyala timasonkhana.

Mafunso onse akayankhidwa bwino, pambali pa pempholo pamaoneka kachizindikiro kobiriwira. Limodzi lokha likalakwika, pamabwera mtanda wofiira, ndipo kaundula wa makina amatchula funso lake, yankho limene limayembekezeka ndi limene latuluka. Munthu abwerere akakonze.

Kupetaku kwakhala kofunika kwambiri chibwerereni zida za AI monga GitHub Copilot, imene inaonekera mu 2021. Chida chotere chimalemba msanga, mwaukhondo, mopanda chikaiko. Vuto lake nlomwelo: madeya ake amafanana ndi mphale. Mzere ungakhale wosalala m'maso koma ukuitana lamulo limene kulibe, kapena waiwala mwezi wa ziro uja. Wowerenga mizere mazana angapo madzulo, maso atalema, angaudumphe. Makina satopa.

Koma pali kamsampha. Ukachiuza chida cha AI chija kuti chilembenso mafunso, chikhoza kulemba ongovomereza zimene chalemba kale, ngati wophunzira wodzichongera yekha mayeso. Apa mpamene dzanja la katswiri limandisangalatsa. Amaononga dala pulogalamu yake: pamene pali chizindikiro chophatikiza amaikapo chochotsera, kapena amafufuta mzere woteteza ziro, nkuyendetsanso mafunso. Akufuna aone kufiira. Kukafiira, amabwezera mzerewo m'malo mwake, mtima uli m'malo. Kukakhalabe kobiriwira, ndiye kuti lichero ndi lobooka, ndipo amayamba waluka limenelo.

Zonsezi zikatha mpamene mnzake amatsegula pempholo. Za masamu sazivutikiranso. Iye amafunsa zimene makina sanafunsidwe: kodi tsamba ili litseguka pa intaneti yodukaduka, ndipo wolowetsa manambala ku Lundazi akalakwitsa bokosi limodzi, uthenga umene uoneke aumva?