Mzinga wa Gwendolen ndi Maina Osalembedwa

Wowoloka mlatho wa Shire ku Mangochi amapeza mzinga wa Hotchkiss uli duu pafupi ndi nsanja yokumbukira Mfumukazi Victoria. Unachokera m'sitima ya Gwendolen, imene mu Ogasiti 1914 inaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda ku Sphinxhaven, komwe lero timati Liuli. Mbiriyi imasimbidwa m'dzina la Kaputeni Rhoades, monga zilili zithunzi zambiri za nthawi ya atsamunda: Mzungu patsogolo, dzina lake pansi, anthu akuda kumbuyo, opanda maina.

Komatu sitimayo inkayendera nthunzi. Anadula nkhuni m'madooko ndani? Ankasonkhezera moto usiku wonse ndani? Mzinga sungayankhe, pakuti chitsulo chimakumbukira wochilamula, osati wochisenza. Ngakhale anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946, ambirife timawadziwa ngati chiwerengero chabe.

Mpata umenewu tingautseke ndife. Ngati m'bokosi la agogo muli chithunzi, mendulo ya usilikali kapena chiphaso cha ntchito ya m'sitima, funsani mwini wake lero, mulembe dzinalo, akuluakulu asanapite nalo kumanda.