Ndalama za zakudya zilipo, za matenda a kadyedwe ochokera m'maganizo palibe

Mwana wa miyezi 6 mpaka 59 akapezeka kuti mkono wake sukufika masentimita 11.5 pa tepi ya MUAC, mlangizi wa zaumoyo ku Tsangano kapena ku Lizulu amadziwa chochita. Kaundula alipo, chiponde chilipo, ndipo zikavuta mwanayo amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Ntcheu. Ndondomekoyi ndi yoyenera, poti kafukufuku wa MDHS wa 2015-16 adapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka 5 ndi opinimbira.

Koma ndondomekoyi imaganiza kuti aliyense woonda wasowa chakudya. Mtsikana amene akukana nsima dala poopa kunenepa, kapena amene amadzisanzitsa akatha kudya, alibe pomulemba. Amayezedwa HIV ndi TB, zotsatira zikakhala bwino amabwerera kwawo. Komatu anorexia ndi bulimia ndi matenda a maganizo ozindikirika m'buku la WHO la ICD-11, ndipo anorexia ili m'gulu la matenda a maganizo opha kwambiri. Chizolowezi chodya dothi, chofala pakati pa amayi oyembekezera ndipo nthawi zambiri chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa magazi, nachonso sichifunsidwa kawirikawiri kusikelo.

Gwero la vutoli ndi kagawidwe ka ndalama. WHO idati mu 2020 maboma amapereka pafupifupi 2 peresenti yokha ya ndalama za zaumoyo ku matenda a maganizo. Kuno kwathu thandizo la akatswiri laboma lidaunjikana ku Zomba Mental Hospital, ulendo wodzera ku Balaka ndi Liwonde umene mabanja ambiri sangaukwanitse. Ngakhale buku la mhGAP, lophunzitsira anamwino ndi madokotala a m'zipatala zazing'ono, lilibe mutu wapadera wa matendawa.

Ena amati matendawa ndi a kunja ndipo ndalama zipite ku njala. Koma matenda osalembedwa m'kaundula saoneka m'malipoti, ndipo osaoneka m'malipoti sapatsidwa bajeti.

Ntcheu sikufunika wodi yatsopano. Chofunika ndi mzere m'bajeti ya boma wophunzitsira alangizi ndi anthu ongodzipereka kufunsa mafunso awiri: "Kodi chakudya chilipo pakhomo?" ndi "Ngati chilipo, chikukuletsani kudya n'chiyani?" Pafunikanso mafuta oti namwino wa matenda a maganizo azifika m'zipatala za kumidzi mwezi ndi mwezi. Funso lachiwirilo ndilo lingasiyanitse wofunika chiponde ndi wofunika uphungu.