Kusula Khutu la Dokotala

Wodwala asanalowe, dokotala wamkulu amayamba ndi mipando. Amakoka mpando wake kuuchotsa kuseri kwa tebulo, n'kuuika chammbali mopendekeka pang'ono, kuti iye ndi wodwalayo asayang'anizane ngati ali pabwalo la milandu. Kenako amayang'ana chitseko. Aliyense mwa awiriwo ayenera kukhala ndi njira yotulukira popanda kudumpha mnzake, chifukwa munthu wamantha akaona kuti watsekerezedwa pakona mtima umamuthamanga kwambiri. Mpando wachitatu ndi wa gadiyani. Chopimira mtima chija madokotala amakonda kukoloweka m'khosi amachivula n'kuchiika m'thumba. Zonsezi amachita osalankhula kanthu, ndipo wophunzira amene waima pakhomo ndi fayilo m'manja amangoonerera. Sabata yotsatira mudzamupeza nayenso akukoka mipando.

Wophunzirayu si mwana wasukulu ayi. Ndi dokotala kale, anamaliza digiri yake n'kugwira ntchito m'mawodi, ndipo tsopano akuchita zaka zinayi za ukatswiri wa matenda a maganizo. Kuchipatala amamutchula kuti rejistrala. Kuno kwathu maphunzirowa ali pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, ndipo ophunzira amasulidwira ku Queen Elizabeth mu Blantyre ndi ku chipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba, chimene chinayamba mu 1910 ngati chigawo cha ndende ya Zomba, chisanapeze nyumba zakezake mu 1953. Oyambirira ankapitanso ku Cape Town kukamaliza mbali ina ya maphunziro, ndipo madokotala a ku Scotland akhala akubwera kudzathandiza kuphunzitsa. Ntchito imene inayambira pa maloko ndi makiyi lero ikuphunzitsidwa poyamba ndi kusiya chitseko poyera.

Funso loyamba limakhala lotambalala: "Bambo, tandiuzeni chimene chakubweretsani kuno." Akatero wamkuluyo amatseka pakamwa. Apa ndi pamene ndimagoma naye. Bambo uja amayang'ana pansi, amapotokola chipewa m'manja, chipinda chili zii. Rejistrala watsopano lilime limamuyabwa, amafuna kuponya funso lina kuti atseke mpatawo. Wamkulu amangodikira, manja ali pamaondo, mpaka mawu atatuluka okha: "Mtima wanga sukukhazikika." Samuthamangira ndi dzina la matenda. Amabweza mawu omwewo, "Sukukhazikika?", ndipo nkhani imayamba kumasuka ngati mtolo wa nkhuni akaudula luzi.

Uku akumvetsera, maso ali pantchito ina. Akuona ngati malaya amangidwa mabatani molondola, ngati munthuyo wasamba, ngati akuyankhula mothamanga kapena mokoka, ngati akutembenukira kukhoma monga amene wamva mawu amene enafe sitikuwamva. Kumeneku ndiko kupima maganizo, ndipo kuli ndi ndondomeko yake monga kupima thupi: maonekedwe, kayankhulidwe, mmene mtima ulili, kayendedwe ka maganizo, zimene akuona ndi kumva, kukumbukira, ndi ngati iye mwini akuzindikira kuti akudwala. Mabuku akunja amati muuze wodwala achotsere 7 pa 100 mobwerezabwereza, kuti uone ngati maganizo akukhazikika pamodzi. Kwa agogo amene sanapondeko m'kalasi, wamkulu amasintha: atchule masiku a sabata chobwerera m'mbuyo, kapena awerengere chenji cha pamsika. Chimene akuyesa ndi chomwecho, koma sakuchititsa munthu manyazi pa chinthu chimene si matenda.

Ndiye pamabwera nkhani ya ufiti. Mayi akuti anamulodza. Kodi chimenechi ndi chizindikiro cha matenda? Lamulo la ntchitoyi limati chikhulupiriro chimakhala cha matenda ngati munthu wachigwiritsa mosagwedezeka, popanda umboni, komanso ngati anthu a kwawo sachizindikira. Choncho wamkulu amatembenukira kwa gadiyani: "Inu kumudzi mukuiona bwanji nkhaniyi?" Mchemwali akati banja lonse likuganiza chomwecho chifukwa cha mkangano wa munda, imeneyo ndi nkhani ina. Akati, "Ayi adokotala, izi za kuti wailesi ikumutchula dzina ifenso zikutidabwitsa," imeneyonso ndi ina. Arthur Kleinman, dokotala wa ku America, analimbikitsa m'zaka za m'ma 1970 kuti wodwala azifunsidwa dzina limene iye amapatsa vuto lake, chimene akuti chinayambitsa, ndi chithandizo chimene akuyembekezera. Buku la matenda a maganizo lotchedwa DSM-5 la 2013 linaikamo mafunso 16 a mtundu womwewo, ndipo linatchulanso mawu a Chishona akuti kufungisisa, omwe ife timati kuganiza kwambiri. Wamkulu amafunsanso za kwa sing'anga ndi za kumapemphero mosanyoza, chifukwa akanyoza, mankhwala azitsamba amene munthuyo akumwa sadzawamva n'komwe.

Pa chifukwa chimenechi, gulu la ophunzira ochokera kosiyanasiyana ndi chida chenicheni cha ntchito. Pa raundi, wamkulu akamva mawu amene sakuwadziwa amafunsa poyera. Rejistrala wa ku Rumphi amafotokoza mmene vimbuza zimagwirira munthu ndi mmene zimasiyanirana ndi khunyu. Wa ku Mangochi amamva Chiyao cha agogo popanda womasulira, ndiponso amakumbutsa kuti m'mwezi wa Ramadan nthawi yomwera mapiritsi iyenera kukambidwa ndi mwini wake. Mlendo wochokera ku Edinburgh amadziwa bwino mabuku, koma apa amakhala wophunzira. Ndipo asanagamule kanthu, wamkulu amatembenukira kwa namwino: "Asisita, usiku anagona bwanji?" Namwinoyo ndi amene anaona wodwala akukana nsima, akuyendayenda mpaka tambala woyamba. Ophunzira amaona kuti munthu wamaudindo onsewo wafunsa ndipo walemba yankho, ndiye nawonso amazolowera kufunsa.

Manja nawo ali ndi gawo lawo. Munthu wobwebweta amayamba wapimidwa kutentha kwa thupi, shuga ndi malungo, chifukwa malungo a muubongo, matenda oumitsa khosi, ngakhale kusiya kachasu mwadzidzidzi, zonsezi zimatha kuoneka ngati misala. Kwa amene akumwa haloperidol kapena chlorpromazine, wamkulu amagwira dzanja lake pamfundo, dzanja lina n'kuchirikiza chigongono, n'kumapinda ndi kuwongola mkonowo pang'onopang'ono uku akucheza naye za mvula. Akufufuza kuuma kwina kumene kumamveka ngati mano a giya ya njinga, kugwira n'kusiya, kugwira n'kusiya. Akakupeza amaika dzanja la wophunzira pomwepo: "Mwakumva?" Nkhope ya wophunzirayo imasintha. Tsopano akudziwa ndi zala zake nthawi yochepetsa mankhwala kapena yowonjezera benzhexol.

Funso lolemera koposa ndi la kudzipha. Ophunzira ambiri amalizungulira, poopa kuti akalitchula abzala maganizowo mwa munthu. Wamkulu amafikapo pang'onopang'ono, kuyambira pa tulo ndi chakudya, kudzera pa kutaya mtima, mpaka kufunsa mosabisa ngati munthuyo anaganizapo zochotsa moyo wake, ndi ngati kunyumba kuli mankhwala a mbewu kapena chingwe chimene anakonza. Mawu ake sakwera ndipo satsika. Nthawi zambiri mapewa a wodwala amagwa pansi, ngati watula katundu.

Kamodzi pa sabata wamkulu ndi wophunzira amakhala okha kwa ola lathunthu, foni atazimitsa. Amajambula mizere papepala, mbali ya thupi, ya maganizo ndi ya kakhalidwe ka pakhomo, monga anaphunzitsira dokotala George Engel mu 1977, n'kumadzaza mabokosi poyerekeza matendawo ndi moto: nkhuni zinaunjikana liti, chinayatsa moto n'chiyani, chikuukoleza n'chiyani, madzi ozimitsira ali kuti. Bokosi lomalizali wamkulu salola kuti likhale lopanda kanthu, kaya mulowe amalume achikondi, kwaya ya kutchalitchi, kapena dimba la tomato. Kenako amafunsa za wophunzira mwini: wodwala uja anakukwiyitsani, n'chifukwa chiyani? Nthawi zina amayamba ndi kufotokoza za tsiku limene iye mwini anaphonya malungo n'kulemba kuti ndi misala. Wophunzira akamva zimenezo amatsegula fayilo imene anaibisa pansi pa zinzake, n'kunena kuti, "Adokotala, pali wina amene sindikumumvetsa."