Buku Lodzudzula Choipa Kapena Lochigulitsa?

Pakati pa mabuku a Chingerezi amene akhala akuyenda m'manja mwa anyamata a m'Malawi ndi m'Zambia, obwerekanabwerekana kufikira chikuto chitathothoka, ambiri ndi a James Hadley Chase. Mphunzitsi adzawapeza m'thumba la mnzake, kapena m'nyumba ya kholo la mwana wa m'kalasi mwake, ndipo tsiku lina adzafunsidwa ngati mabuku otere ali abwino. Owakonda amayankha msanga kuti nkhani zake ziphunzitsa kuti uchifwamba sulipira, pakuti potsiriza oipa onse amafa. Yankho limeneli liyenera kuyesedwa, ndipo poliyesera pabwino ndi pa buku loyamba la mlembiyo, lotchedwa No Orchids for Miss Blandish, limene linatuluka m'chaka cha 1939.

Dzina lenileni la Chase linali René Raymond, Mngerezi wobadwira ku London m'chaka cha 1906. Polemba bukuli anali asanapondeko ku America. Anadalira mapu ndi buku lomasulira mawu a m'misewu ya kumeneko. Nkhani yake ndi iyi. Mwana wamkazi wa munthu wolemera kwambiri abedwa ndi kagulu ka mbala zosirira mkanda wake wa mtengo wapatali. Gulu lina loopsa koposa, lotsogozedwa ndi mai wokalamba, Ma Grisson, lipha mbalazo nilitenga mtsikanayo kuti atate wake alipe dipo. Dipo litalipidwa sambweza, chifukwa mwana wa maiyo, Slim, munthu wokonda kupha ndi mpeni, wamkhumba. Amsunga m'chipinda miyezi, akumkwapula ndi kumpatsa mankhwala ozunguza mutu. Potsiriza wofufuza milandu, Fenner, awalondola. Apolisi apha gulu lonse, ndipo mtsikanayo atapulumutsidwa adziponya pa zenera la nyumba yosanja.

Oipa afadi. Komatu wowerenga ayenera kuwerenga masamba monga mayi awerenga nkhuku madzulo, naone kuti ndi angati amene apatsidwa kwa chilango, ndi angati amene apatsidwa kwa nkhanza. Chilango chibwera mothamanga kumapeto, ngati msonkho umene mlembi alipira kuti aloledwe kugulitsa katundu wake. Katundu weniweniyo ndiye zimene zichitika m'chipinda chija. Pamenepo mlembi safulumira. Aimika wowerenga pakhomo, namuonetsa zonse, ndipo chimene chimkoka kuti atsegule tsamba lotsatira si chisoni ayi, koma kufuna kudziwa kuti kodi tsopano amchita chiyani.

George Orwell analemba za bukuli m'chaka cha 1944, m'magazini ya Horizon, nalifanizira ndi nkhani za Raffles zimene E. W. Hornung anayamba kuzisonkhanitsa m'buku m'chaka cha 1899. Orwell sanalinyoze ngati ntchito ya munthu wosadziwa kulemba. Anavomera kuti linalembedwa mwaluso, lopanda mawu otayika, ndipo anaona kuti chimake cha nkhani chinatengedwa ku buku la William Faulkner lotchedwa Sanctuary, la 1931. Chimene chinamdetsa nkhawa n'chakuti m'bukumo mulibe kusiyana kwa mtima pakati pa wapolisi ndi chigawenga: onse amenya, onse azunza, ndipo wapolisi apambana chifukwa chokha chakuti mbali yake ili ndi mphamvu zambiri. Anakumbutsanso kuti Angerezi analiwerenga kwambiri m'chaka cha 1940, mabomba ali kugwa pa mizinda yawo. Pa mfundo ya mphamvuyi Orwell analasa. Pamene anakokomeza ndi poyamikira ulemu wa Raffles, mbala yovala bwino yodziwa masewera a cricket. Pakuti nkhani imene ionetsa kuba ngati masewera osapweteka munthu nayonso inama, kungoti inama mwaulemu.

Koma pali chinthu china chaching'ono chimene chiulula bukuli koposa zonsezi. Mtsikana uja alibe dzina lakelake. Kuyambira tsamba loyamba kufikira lomaliza angotchedwa Miss Blandish, ndiko kuti mwana wa Blandish, chuma cha atate wake. Slim wowerenga amdziwa bwino: ubwana wake, zilakolako zake, mantha ake. Za mtsikanayo adziwa kukongola kwake ndi mtengo wake basi. Ngakhale chifukwa chimene anadziphera sichimveka bwino, kotero kuti Orwell mwini wake, atamasulira mwa njira imodzi, anawonjezera pambuyo pake mawu akuti chingathe kumasuliridwanso mwa njira ina. Mlembi amene akanafunadi kudzudzula zimene Slim anachita akanayamba ndi kumbwezera mtsikanayo umunthu umene Slim anamlanda. Chase sanatero. Anamgwiritsa ntchito monga momwe gulu lija linamgwiritsira, chinthu chosungidwa m'chipinda kuti chibweretse ndalama.

Apa mphunzitsi asathamangire kuganiza kuti vuto ndi mwazi, ndi kuti nkhani yabwino ndi yopanda imfa. Nthano za kumudzi zikanamtsutsa. M'nkhani ya Sikusinja ndi Gwenembe, imene J. W. Gwengwe anailemba m'buku, munthu apha mbale wake panjira chifukwa cha kusirira chuma, ndipo palibe choipa chakuda koposa chimenecho. Agogo sanaibise kwa ana. Koma kuphako kupita m'mawu owerengeka, ndipo nkhani yeniyeni iyamba wakufa atagona kale: mbalame imtsata wakuphayo, niimba, niulula kwa anthu a kumudzi chimene chinachitika kuthengo. Nkhaniyo ikana kuti wophedwayo aiwalike, ndipo mwana woimva amanka kukagona ali ndi dzina la Sikusinja m'mutu. Chimodzimodzinso buku lalikulu la Dostoyevsky, Crime and Punishment, la 1866. Raskolnikov apha akazi awiri ndi nkhwangwa m'gawo loyamba, mosabisa konse. Magawo onse otsala ndi a kulemera kwa chimene wachita, ndipo Lizaveta, wosalakwa uja amene anangofika pa nthawi yoipa, abwerabwera m'nkhani chifukwa Sonya anali bwenzi lake ndipo asunga Chipangano Chatsopano chimene iye anambweretsera.

Tsono mabuku a milandu yoopsa sangaweruzidwe onse pamodzi ngati mbuzi za khola limodzi. Funso loyenera kufunsa buku lililonse ndi lakuti, kodi mlembi waika wowerenga kumbuyo kwa maso a yani, ndipo wamsunga kumeneko nthawi yaitali bwanji? Kuyang'ana ndi maso a wakupha sikulakwa pakokha, pakuti Dostoyevsky anatero. Kulakwa kubwera pamene maso a wozunzidwa atsekedwa dala kuti wowerenga asasokonezeke pa chisangalalo chake.

Chase anakonzanso bukuli kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960, ndipo ambiri amene analiwerenga kuno anawerenga lokonzedwalo, losiyana m'zambiri ndi limene Orwell anaweruza. Zina zoopsa zinachepetsedwa. Mtsikanayo sanapatsidwebe dzina.

Kulanda buku lotere m'manja mwa mnyamata wamkulu sikuthandiza kwenikweni. Adzabwereka lina mawa, ndipo Chase analemba mabuku ngati 90. Mphunzitsi amene waliwerenga yekha angathe kumfunsa mnyamatayo kuti asimbe nkhani yonse monga mtsikanayo akanaisimbira amake. Mnyamatayo adzayamba ndi mphamvu, koma posachedwa adzaima, pakuti m'bukumo mulibe zokwanira zoti amangire nazo nkhani yoteroyo.